Zotsatira za Sitandade 8 zatuluka, koma bwanji wofunsidwa ndi mphunzitsi yekha?

NaMbewe:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Mundikhululukire, uthenga wanga utalika, koma ndikausunga mumtima undidwalitsa. Lero aphunzitsi a zoni yathu tinaitanidwa ku TDC, malo omwe aphunzitsi a zoni timakumanirako, kukamva za zotsatira za mayeso a Sitandade 8. Masukulu onse anawalemba papepala lalikulu n'kumata kukhoma, kuyambira yoyamba mpaka yotsiriza. Yathu inali yachiwiri kuchokera pansi. A hedi athu anawaimiritsa pamaso pa anthu onse kuti afotokoze chomwe chinavuta, bambo wamkulu ndi imvi zake, manja kumbuyo. Mawu ankachita kunjenjemera. Potsiriza tinauzidwa kuti sukulu iliyonse ilembe ndondomeko ya mmene ikwezere zotsatira, ifike ku ofesi pasanathe masabata awiri.

Ine kufunsidwa sindikukana. Ndimalandira ndalama ya boma, ndiyenera kuyankhapo pa ntchito yanga. Koma tamvani mmene ndimagwirira. Ndaphunzitsa zaka 17, ndipo zaka 9 zapitazi ndakhala mu Sitandade 2. Chaka chino m'rejisitala mwanga muli ana 148, ndili ndekha. Boma lenilenilo limanena kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Kuitana maina kokha kumandidyera theka la phunziro loyamba. Ana amakhala pansi mothithikana moti ndikafuna kufika kwa amene ali kumbuyo ndimayenda chammbali, kuopa kuponda zala. Mabuku a Chichewa omwe akadali ndi masamba onse ndi 31. Makope ambiri ndi odula pakati, kholo lagula limodzi n'kugawira ana awiri.

Pali kamnyamata kena kamafika kakununkha usipa, maso ali psuu. Mwezi ukakhala mumdima kamachezera kudoko kudikira mabwato, mmawa kamathandiza amayi ake kuyanika usipa pathandala, kenako ndiye kamabwera kusukulu. Ikamakwana 9 koloko kagona, mutu pamaondo a mnzake. Mwana ameneyu akadzafika Sitandade 8 osadziwa kuwerenga, adzaimirire kutsogolo ndani? A hedi basi.

Funso langa ndi ili: amene anatilonjeza aphunzitsi ena awiri zaka zitatu zapitazo amaimirira pamaso pa ndani? Amene mabuku anawachedwetsa mpaka teremu inatha amalembera ndani ndondomeko? Mafunso m'maphunziro athu amangotsika, sakwera.

Bambo a Yamikani:
Madamu, ndawerenga zonse ndipo zandikhudza. Koma poti pagulu pano tinagwirizana kuti tiziuzana zoona, ndiloleni ndiyankhule ngati kholo. Ine ndimagula nsomba kudoko n'kukagulitsa ku Lilongwe, ana anga atatu ali ku pulaimale. Mwezi ukatha malipiro akalowa, ana amabwerera kunyumba 10 koloko, akuti aphunzitsi apita ku boma kukatapa ndalama. Ena amapita Lachinayi n'kudzaoneka Lolemba. Alipo wina amene aliyense m'mudzi amadziwa komwe amapezeka mmawa, ndipo si m'kalasi. Tikakanena amangomusamutsa, akavutitse ana a anthu ena. Ndiye mukamati mphunzitsi amafunsidwa kwambiri, ife makolo timaona ngati safunsidwa n'komwe.

NaMbewe:
Bambo a Yamikani, simunaname. Aphunzitsi oterowo alipo ndipo amatichititsa manyazi tonse. Koma taonani bwino zomwe mwanenazo. Woledzera uja safunsidwa, amangosamutsidwa. Wofunsidwa ndi amene amabwera tsiku lililonse, chifukwa ndi amene amapezeka alendo akabwera. Ndipo akabwera amafuna chiyani? Sikimu, lesoni pulani, rejisitala, buku la zotsatira za ana. Munthu akhoza kukhala ndi mapepala okongola, olembedwa ndi rula, ana ake osadziwa ngakhale a e i o u. Wina mapepala ake ndi osalongosoka chifukwa usiku amathera kuchonga makope 148 ndi tochi ya foni. Wodzudzulidwa amakhala wachiwiriyu.

Bambo a Yamikani:
Apo ndamva. Koma za ku banki zija simunayankhe.

NaMbewe:
Kuchokera kwathu kukafika ku boma ndi kabaza kaye mpaka pamsewu wa M5, kenako minibasi. Netiweki ikavuta pa makina umagona konko. Sindikuikira kumbuyo amene amatha masiku anayi, ameneyo ndi kuba nthawi ya ana. Pasukulu pathu tinagwirizana kuti tizipita mosinthana, ndipo ambiri tsopano timangokankhira ndalama ku foni. Zimenezi a komiti mukhoza kukhala pansi ndi a hedi n'kukonza sabata imodzi.

Sala wa Masamu:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 8 kumbali ya Dwangwa, ndipo sukulu yathu pamndandanda wa zoni yathu ili pamwamba. Anthu amatiyamikira. Ndikuuzeni mmene timafikira pamwambapo, ngakhale zindiwawa kulemba.

Timasefa. Kumapeto kwa Sitandade 7 timayang'ana mwana aliyense. Amene tikuona kuti Chingerezi chimugwetsa, timamubweza. Chaka chatha mu Sitandade 7 munali ana 96, tinakweza 52. Otsalawo tinauza makolo awo kuti ndi bwino abwereze kuti akhwime. Ena anabwerezadi. Koma mtsikana wa zaka 16 ukamuuza kuti akhalenso ndi ana a zaka 12, sabweranso. Anyamata amapita kukadula nzimbe kapena kunyanja. Mwa amene tinawabweza, 13 sindinawaonenso. Awiri ndamva kuti anakwatiwa.

Zotsatira zikatuluka timaoneka akatswiri chifukwa pafupifupi onse akhoza. Palibe amene amafunsa kuti ana munayamba nawo mu Sitandade 1 anali angati. Sukulu ya Madamu mwina inalembetsa aliyense, wofooka yemwe, n'chifukwa chake ili pansi. Ngati n'choncho ndiye olungama ndi iwowo.

Mayi a Chikondi:
Ayi zoona Sala? Ife a mother group timayenda khomo ndi khomo kubweza atsikana kusukulu, dzuwa lonse lija, kumanyengerera makolo. Kani ena akuchokera kwa inu nomwe?

Sala wa Masamu:
Mayi, ndi zoona, ndipo sindinyadira. Palibe anatilembera kalata yoti tizitero. Koma ukadziwa kuti chaka chilichonse akuyeza ndi nambala imodzi yokha, umayamba kusamala nambalayo kuposa mwana. China n'chakuti aphunzitsi amphamvu onse timawaunjika ku Sitandade 8. Kwathu tilipo anayi pa ana 52. Ku Sitandade 1 kuli mmodzi pa ana oposa 130. Ana a Sitandade 8 amabwera 6 koloko mmawa, amaweruka madzulo, Loweruka lomwe, kumangoloweza mapepala a zaka zam'mbuyo ndi kulemba moko. Tikumanga denga la malata pa nyumba yopanda maziko.

NaMbewe:
Zikomo achimwene chifukwa cholimba mtima. Inde, ife tinalembetsa onse 81. A hedi anakana kusefa, anati mwana amene wapirira zaka 8 pansi pa mtengo wa mango ali ndi ufulu wokhala pa desiki la mayeso. Lero ndi omwewo anaimiritsidwa.

Hedi Wopuma:
Ana anga, ndakumvani nonse. Ine ndinayamba kugwira choko mu 1981, ndinapuma nditatumikira masukulu asanu m'boma lino la Nkhotakota. Ndiloleni ndikubwezereni m'mbuyo pang'ono, chifukwa matendawa sanayambe lero.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulaimale, ana m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ndikukumbuka mmawa wotsegulira sukulu. Bwalo lonse linadzaza, ena anyamata a ndevu kudzayamba Sitandade 1, ena atabereka ang'ono awo kumsana. Ndinalira ndi chimwemwe, chifukwa ndinkadziwa ana ambiri anzeru amene ankangokhala kudoko chifukwa cha fizi. Chinali chinthu chabwino ndipo mpaka lero ndimatero. Koma walira mvula walira matope. Makalasi anali omwe aja, mabuku omwe aja. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji, anangowaphunzitsa masabata ochepa n'kuwapatsa choko. Pambuyo pake ndi pomwe kunabwera pulogalamu ya MIITEP yoti aziphunzira uphunzitsi ali pantchito. Ngongole ya chaka chimenecho sitinamalize kubweza.

Kuchokera apo ndaona zosintha zambiri. Mu 1996 kunabwera kalata yoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo chawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linadzati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Silabasi yatsopano ya ku pulaimale ya PCAR inayamba mu 2007, inabweretsa kuyesa ana pafupipafupi ndi kulemba mmene mwana aliyense akuchitira. Nzeru yabwino kwa munthu wa ana 40. Kwa wa ana 150, anthu anayamba kungodzaza manambala m'mabokosi usiku woti mawa kubwera alendo. Ndinaziona ndi maso anga, ndipo ndinasainira ena mwa mabuku amenewo ndikudziwa. JCE, mayeso a Fomu 2 aja, anaichotsa, ana analemba komaliza mu 2016, kenako inabwereranso mu 2021. Pa zonsezi sindinamvepo munthu ataimirira n'kunena kuti apa tinalakwitsa, pepani. Chatsopano chikabwera, chakale chimangosowa, ndipo zikakanika amati aphunzitsi sanamvetse.

Za oyendera masukulu, nthawi yathu ankaopedwa. Ankangotulukira osanena, n'kukhala kumbuyo kwa kalasi phunziro lonse, n'kutenga kope la mwana aliyense amene wafuna. Panali nkhanza zina zomwe sindingafune zibwerere. Koma chimodzi ankachita bwino: ankaitana mwana n'kumuuza kuti werenga apa.

Mlangizi:
Moni kwa onse, ndi ulemu kwa a Hedi, amene anandiphunzitsa ntchito ndili mnyamata. Ine ndine PEA, mlangizi woyang'anira masukulu a pulaimale a m'zoni, osati wa zoni ya Madamu, koma nkhaniyi ikundikhudza ndiye sindibisala. Zoimiritsa hedi pagulu sindigwirizana nazo, ndipo ndikanakhalapo ndikanayankhula. Koma musaiwale kuti nafenso timafunsidwa chimodzimodzi. Zotsatira zikalengezedwa, maboma amaikidwa pamndandanda dziko lonse likumva pa wailesi. Akuluakulu a boma lomwe lili pansi amaitanidwa, iwo amaitana ife, ife timaitana mahedi, mahedi amaitana inu. Ndili ndi masukulu oposa khumi, njinga yamoto imodzi, mafuta amabwera mwa apo ndi apo. Nthawi ya mvula masukulu ena sindiwafika miyezi iwiri. Ndikafika ndili ndi maola awiri, chimene ndingaone mwachangu ndi mapepala.

Komanso tisanene ngati zosintha zonse n'zopanda pake. Miyezo ya maphunziro yomwe unduna unatulutsa mu 2015 ilipo 26, ndipo siyikamba za mayeso okha. Imakamba za chitetezo cha ana, utsogoleri wa sukulu, mgwirizano ndi makolo, kasamalidwe ka ndalama. Pulogalamu ya kuwerenga ya NRP yomwe inayamba mu 2016 inabweretsa mabuku m'manja mwa ana ambiri amene kale sankagwira buku n'komwe. Madamu, mukane ngati ndikunama.

NaMbewe:
A PEA, zikomo poyankha, ambiri a udindo wanu akanangowerenga n'kudutsa. Sindikana. NRP inandiphunzitsa zinthu zomwe ku koleji ya aphunzitsi sindinaphunzire bwino: kuyamba ndi liwu la lembo, kenako maphatikizo, kenako mawu. Mwana akagwira kuti m ndi a ndi ma, nkhope yake imawala, ndipo tsiku limenelo ndimaweruka wosangalala. Njira yoti ndiyambe ine, tichite limodzi, kenako achite okha, ndi yabwino.

Vuto lili pa liwiro. Buku la mphunzitsi linalembedweratu kuti lero phunziro ili, mawa lotsatira, mphindi zakutizakuti pa ntchito iliyonse. Ikafika nthawi yoti ana achite okha ine ndizungulire kuona aliyense, ndimafikira ana 20 a kutsogolo, nthawi yatha. Mawa ndiyenera kupita patsogolo, chifukwa mlendo akabwera amayang'ana ngati ndili pa phunziro loyenera sabata imeneyo. Ndikabwerera m'mbuyo kuti ndinyamule otsalira, ndalakwa. Ndikathamanga ndi buku n'kusiya ana 100 m'mbuyo, ndili bwino. Miyezi ya mpunga ana amajomba masabata awiri kukaingitsa mbalame, akabwera tili kutali. Nthawi ya mwera, amene timaphunzitsira panja tchati sichikhala pamtengo, mawu amapita ndi mphepo. Ndipo mabuku aja anabwera, inde, koma buku logwiridwa ndi ana asanu tsiku lililonse silikhala zaka zambiri. Obwezeretsa ake ndi amene sitiwaona.

Miyezo 26 ija ndinaiwerenga. Yonse ikuyeza sukulu. Ndionetseni umodzi woyeza ofesi.

Mlangizi:
Pa liwiro mwanena zoona, ndipo ife tinakanenapo kumisonkhano. Pa funso lomalizalo ndilibe yankho loti ndikupatseni usiku uno.

Wodikira Ntchito:
Ine ndingowonjezera pang'ono. Ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi a IPTE, satifiketi ili m'chikwama, ndinakhala pakhomo zaka ziwiri ndikugulitsa zitumbuwa ndi ma unitsi. Pano ndili pa sukulu ina ngati mphunzitsi wothandizira, ndalama yake yochepa ndipo imabwera mochedwa. Anzanga ambiri a kalasi yathu akadali pakhomo. Ndiye ndikamva Madamu ali okha ndi ana 148, pomwe ife ophunzitsidwa kale tikungokhala mtunda wa makilomita ochepa, mutu umandizungulira. Aphunzitsi alipo. Chosowa ndi kuwalemba ntchito, ndi nyumba zoti akakhalemo kumidzi. Ndipo akalembedwa, ambiri amathamangira masukulu a pafupi ndi boma kapena pamsewu, ena ndi makalata a kuchipatala, ena potsata banja. Masukulu a m'mphepete mwa tauni aphunzitsi amagawana maphunziro, kumudzi munthu mmodzi makalasi awiri. Amene amavomereza kusamuka kumeneku si mphunzitsi wa Sitandade 2.

Bambo a Yamikani:
Za nyumba zandikumbutsa. Ife makolo tinaumba njerwa 40,000 zaka ziwiri zapitazo, tinatuta mchenga ku mtsinje pamutu, atatiuza kuti simenti ndi malata zibwera. Uvuni uli pomwepo, udzu wamera pamwamba, njerwa zina anthu ayamba kusolola. Chaka chino a mfumu akamemeza chitukuko anthu sakutuluka, akuti zija zinatha bwanji. Ine ndili m'komiti ya sukulu, ndimasowa chowayankha.

Hedi Wopuma:
Bambo a Yamikani, poti muli m'komiti, ndikufunseni. Ndalama za SIG, zija boma limatumiza zotukulira sukulu, zikabwera mumadziwa kuti zabwera zingati?

Bambo a Yamikani:
Timasainira, a Hedi. Koma kunena zoona ambiri m'komiti sitidziwa kuwerenga bwino mapepala aja, ali m'Chingerezi. A hedi ndi a tcheya akati sainani apa, timasaina. Sindikunena kuti amaba, ayi. Koma akanaba sitikanadziwa. Ndiponso zimabwera chaka chapita kale pakati, mitengo ya choko ndi simenti itakwera, zomwe tinakonza pa pulani sizikwaniranso.

Hedi Wopuma:
Apo ndiye pali ntchito yanu. Ndalama imeneyo ndi ya sukulu, ndipo cholinga chake chinali choti makolo, komiti ndi aphunzitsi azikonzera limodzi zochita. Pemphani kuti ziwerengero zilembedwe m'Chichewa papepala lalikulu, limatidwe panja pa ofesi: zabwera zakuti, tsiku lakuti, tagula zakuti. Hedi wokhulupirika sangakane. Ine ndinkatero, ndipo zinanditeteza kwa anthu amene ankandinena kuti njinga yanga ndinagulira ndalama ya sukulu.

Mayi a Chikondi:
Ine ndibwerere kwa atsikana, chifukwa mawu a Sala sakundichoka. Lamulo lobwezera kusukulu mtsikana amene wabereka lilipo kuyambira 1993, ndipo ife timaligwiritsa ntchito. Chaka chatha tinabweza anayi. Mmodzi mwana wake amamusiyira agogo ake, pa buleki amathamangira kunyumba kukayamwitsa. Mtsikana ameneyu sangakhale nambala wani, mwina sakhozanso n'komwe ulendo woyamba. Pa mndandanda wanu uja iyeyu ndi wotsitsa sukulu. Kwa ife ndi chipambano chachikulu kuposa mwana wa aphunzitsi amene wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Bwanji sukulu yomwe yasunga mtsikana wotere siitchulidwa ku TDC?

China, zimbudzi. Atsikana akuluakulu amajomba masiku anayi kapena asanu mwezi uliwonse chifukwa palibe pobisala posinthira. Timasoka tokha nsalu zowathandiza. Zimenezi sizilowa m'zotsatira, koma ndi zomwe zimabala zotsatirazo.

Sala wa Masamu:
Mayi mwalasa. Ndipo tisaiwale madzi osefukira a kumapeto kwa February 2024 kuno ku Dwangwa. Anthu anathawira m'masukulu, makalasi anasanduka misasa, mabanja kugona momwe timaphunzitsira. Ana ena makope ndi mayunifolomu zinapita ndi madzi. Mayeso sanadikire, anabwera pa nthawi yake, mapepala omwewo ndi mwana wa ku Area 47 ku Lilongwe. Sindikuti mayeso akhale osiyana. Ndikuti poweruza sukulu muziyamba mwafunsa kuti chaka chimenecho yadutsa m'zotani.

Chinanso chomwe sitinachikhudze bwino ndi chiyankhulo. Ngakhale lamulo lija linati Chingerezi, mwana amaphunzirabe m'Chichewa mpaka Sitandade 4, akalowa Sitandade 5 zonse zatembenuka, sayansi, masamu, zonse m'Chingerezi. Pa mayeso pepala la Chichewa lokha ndi lomwe lili m'chiyankhulo chomwe amalota nacho. Kumpoto kwa boma lino, cha ku Dwambazi, ana ambiri kunyumba amayankhula Chitonga, ndiye Chichewa chomwecho ndi chachiwiri, Chingerezi chachitatu. Ndili ndi ana amene samu ndikawafotokozera m'Chichewa amaipeza pamtima, koma funso lomwelo likalembedwa m'Chingerezi amangoliyang'ana. Timawalemba kuti sadziwa masamu, pomwe chawagwetsa ndi chiganizo.

Mlangizi:
Sala, Chingerezi sitingachithawe, ku sekondale ndi ku koleji akachipeza. Koma ndivomereze kuti mlatho wa pakati pa Sitandade 4 ndi 5 ndi wofooka, ndipo ana ambiri amagwera pamenepo.

Ndifunse ine tsopano, chifukwa kudandaula tadandaula. Madamu, mutapatsidwa mphamvu, mungafune tikuyezeni bwanji? Chifukwa kusiya osayeza n'komwe sizingatheke. Bambo a Yamikani anena kale zomwe zimachitika anthu akasiyidwa.

NaMbewe:
Funso labwino, ndipo ndaliganizira zaka zambiri ndikuchonga makope. Mubwere m'kalasi mwanga sabata yachiwiri ya teremu yoyamba. Musandiuze tsiku. Mutenge rejisitala, musankhe nokha ana 20, osati amene ndingakusankhireni ine. Muwapatse kandime kafupi ka Chichewa, muone amene akudziwa malembo, amene akuphatikiza, amene akuwerenga chiganizo. Mulembe. Mubwerenso kumapeto kwa chaka, ana omwewo, muone pomwe afika. Ngati sanasunthe, ndifunseni, ndipo ndikalephera kuyankha mundichotse. Pamenepo mwayeza ntchito yanga, osati mudzi womwe ndinatumizidwa.

Makolo akhalepo tsiku limenelo. Kholo ngakhale losapita kusukulu limamva ngati mwana wake akuwerenga kapena akungoloweza. Mmera mpoyamba, ndipo kholo likadziwa mu Sitandade 2 kuti mwana sakuwerenga, pali nthawi yokonza. Likadziwira pa zotsatira za Sitandade 8, madzi apita kale.

Pa mndandanda wa ku TDC uja muwonjezere mizere. Pambali pa chiwerengero cha okhoza mulembe kuti mu Sitandade 7 chaka chatha munali ana angati, ndipo olemba mayeso ndi angati. Kusefa kutha chaka chomwecho. Mulembenso aphunzitsi alipo angati pa ana angati, makalasi angati ali panja.

Ndipo pakhale pepala lachiwiri, lomatidwa pambali pa loyambalo, la malonjezo. Aphunzitsi awiri, tinalonjezedwa tsiku lakuti, afika kapena sanafike. Mabuku, afika liti. SIG, yalowa mwezi uti. Simenti ya njerwa za Bambo a Yamikani. Tsiku lomwe a hedi akuimirira kufotokoza za pepala loyamba, wina wa ku ofesi aimirirenso afotokoze za lachiwiri. Ndikaona zimenezo, ndondomeko yanga ndidzalemba ndi mtima wonse.

Bambo a Yamikani:
Zoti ana aziwerenga pamaso pathu ndazikonda kwambiri. Wanga wa Sitandade 3 ndimangomuona akunyamula kope, sindinamuyesepo. Ndikamaliza kulemba pano ndimuitana awerenge uthenga umodzi pa foni pano.

Wodikira Ntchito:
Koma Madamu, pepala lachiwirilo ndani angalimate? Hedi amene angayerekeze mawa lake alandira kalata yosamukira kutsidya kwa Bua komwe kulibe ngakhale mjigo.

Hedi Wopuma:
N'chifukwa chake lisamatidwe ndi hedi. Limatidwe ndi komiti ndi mafumu. Kholo silisamutsidwa. Ndipo a TUM, bungwe la aphunzitsi, asamangomveka pa nkhani ya malipiro ndi ma alawansi pokha, ngakhale zimenezo n'zofunika. Nkhani ya ana 148 m'kalasi imodzi ndi yawonso.

Mlangizi:
Mzere wa Sitandade 7 uja ndikhoza kuuyamba m'zoni yanga popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense, ziwerengerozo ndili nazo kale m'mafomu. Ndiuyesa chaka chino. Ena adzandida, makamaka masukulu omwe azolowera kukhala pamwamba. Kuyesa ana 20 pa sukulu iliyonse kawiri pachaka, pandekha sindingakwanitse, pokhapokha mahedi ndi aphunzitsi a masukulu oyandikana atamasinthana, uyu kukayesa kwa uyu. Za pepala la malonjezo sindingalonjeze, zili pamwamba pa mutu wanga. Koma pa msonkhano wathu wotsatira ndikaliyankhula, ndipo ndidzakuuzani pano zomwe andiyankhe, zabwino kapena zoipa.

Sala wa Masamu:
Mukayamba mzere umenewo sukulu yathu itsika, ndikudziwa. Yambani. Ine mawa ndikaona a hedi za ana omwe tawabweza chaka chino, teremu sinapite patali, ena tikhoza kuwakweza. Mayi a Chikondi, mungandithandize kupeza amayi a mother group a kuno? Pa ana 13 aja ndili ndi maina ndi midzi yawo.

Mayi a Chikondi:
Nditumizireni kumbali, osati pagulu pano. Wapampando wa kumeneko ndimamudziwa, tinali limodzi ku maphunziro. Okwatiwawo tiyambira kwa a mfumu.

Bambo a Yamikani:
Ndabwerera. Ndamuitana mwana uja, ndamupatsa uthenga wa Mayi a Chikondi womalizawu. Wawerenga "Ndi", waima. Wayesanso, wangondiyang'ana, misozi ili m'maso. Ali Sitandade 3, ndipo lipoti lake la teremu yatha linati wakhoza. Madamu, ndiyambire pati?

NaMbewe:
Musamukalipire, bambo, ndipo musamuonetse kuti mwakhumudwa. Mawuwo ndi aatali kwa iye. Tengani makala kapena kamtengo, mulembe pansi a e i o u, muone ngati akuwadziwa onse. Akawadziwa, lembani ma me mi mo mu, mawa ta te ti to tu, kenako muphatikize: mama, tate, moto, mutu. Mphindi 15 zokha madzulo alionse, nsima isanapse. Mukakhala ku Lilongwe ndi nsomba, mkulu wake azichita. Loweruka mubwere naye kwathu cha m'ma 8, ndimakhala ndi ana ena 9 pakhonde, palibe cholipira. Abwere ndi kope ndi pensulo.